Zikomo Anduna, Msewu Wanu Ukuluma

Mudzi wa Mwakalosi,
Kufupi ndi Songwe,
Karonga.
Febuluwale, 1990.

Kwa Olemekezeka Anduna Oona za Misewu ya Kumidzi ndi Mphatso Zina,
Ku Likulu.

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada. Chipewa chili m'manja, khadi la Chipani lili m'thumba la malaya, la mkazi wanga nalonso lilipo. Kalatayi sindinaimate. Ndaona kuti makalata a masiku ano amafika atawerengedwa kale ndi anthu angapo panjira, ndiye ndati ndisavutitse antchito a Boma ndi nthunzi ya ketulo. Aliyense woigwira aiwerenge momasuka, akatha aipititse kutsogolo.

Ine ndine Kenan Mwakalinga. Ndimalima mpunga, komanso ndili ndi ngolo ya ng'ombe imene inkanyamula matumba a anthu kupita nawo kumsika. Mukaona Chichewa changa chikutsimphina mundikhululukire, ndinachiphunzira nditamera kale ndevu, zilankhulo za kuno zitapatsidwa tchuthi. Ndiponso kutsimphina kuno kwafala, monga mumve m'munsimu.

Ndalemba kuti ndithokoze. Kwathu kuno pothokoza timati ndagha, ndipo munthu akapatsidwa chinthu chachikulu amabwereranso m'mawa mwake kukanena ndagha wachiwiri. Ife tachedwa nazo chifukwa kuyenda kwativuta.

Msewu wathu wakale, wochoka pamphambano ya msewu waukulu kufika m'mudzi muno, unali wadothi. Dzinja matope, chilimwe fumbi. Unalibe ulemerero uliwonse, unkangotifikitsa kumene tikupita basi. Tsono inu munatikumbukira. Ku Limbe kuli Kampani ya Ng'anjo Yamakono, imene imasungunula zitsulo zakutha n'kupanga makasu ndi mapoto. Kuseri kwa fakitale yawo kunaunjikana phiri lakuda la zotsala za m'ng'anjo, zimene chitsulo chimakana chikamasungunuka. Timamva kuti anthu a m'tauni anadandaula nalo phirilo. Timamvanso kuti wapampando wa kampaniyo anakwatira mlongo wanu. Ife zongomva sitizikhulupirira. Chimene tinaona ndi maso n'chakuti phirilo linanyamuka. Linakwera sitima yapamtunda mpaka ku Chipoka, linakwera yapamadzi mpaka ku Chilumba, linakwera malole mpaka pakhomo pathu. Bwana, ulendo umenewu mankhwala a malungo amaulephera. Mabuku a sukulu amathera panjira. Koma mphatso yanu inafika yathunthu, osasowa ngakhale kachidutswa. Ndagha.

Chothokoza choyamba ndi dzina. Kapitawo amene munatitumizira, a Alfred Chimwaza a ku Dedza, anatisonkhanitsa n'kutola chidutswa chimodzi, chakuda, chonyezimira ngati botolo losweka, chabowobowo ngati chisa cha mavu. Anati, "Anthu a Mwakalosi, muli ndi mwayi. Iyi ndi miyala ya sayansi. Kunja konse akuyala zomwezi, ndipo m'dziko muno oyamba ndinu." Tinaomba m'manja. Koma amayi ena achikulire, amene ali atsikana ankatola nkhuni kumapiri kumene makolo ankasungunulako chitsulo, anachitembenuza chidutswacho n'kufunsa mokweza ngati amenewa si manyi a chitsulo. Sanatukwane, Bwana, dzina lake ndi lomwelo kuyambira kale. Tcheyamani wa Chipani m'dera lathu, a Reginald Mwafongo, anaimirira thukuta lili kamukamu, n'kulamula kuti dzinalo lisamvekenso pakamwa pa munthu aliyense. Ife ndife anthu omvera. Kuyambira tsiku limenelo timangoti "zija Anduna anatisiyira panjira," ndipo ngakhale mwana amamva.

Chachiwiri, tikuthokoza kuti simunatilande mwayi wodzithandiza tokha. Malole anangokhuthula milu pamphambano n'kubwerera. Ife tinasenza m'madengu, amuna ndi akazi, mpaka madengu anatha kubooka, ndiye tinayamba mabeseni. Manja anachekeka, koma a Chimwaza anatilimbitsa mtima kuti magazi pang'ono ndiwo mchere wa chitukuko. Titamaliza kuyala tinadikira chimakina chotsendera msewu chimene anatilonjeza. Chinafika mpaka pa Karonga boma, n'kukumbukira kuti chikufunika kwina. Titafunsa, a Chimwaza anati, "Sayansi yake ndi yakuti mukamapondapo pamasalala pokha. Pondani, anthuni, pondani!" Ananena zimenezi atavala majombo ofika m'mawondo. M'mudzi muno nsapato ndi za Lamulungu, ndipo ambiri amazinyamula m'manja mpaka pakhomo la tchalitchi.

Tinaponda. Ndikutsimikizireni, Bwana, kuti sayansi ija ndi yoona: china chake chimasalaladi. Msewu uli momwe unalili, mapazi ndiwo atha.

Musaganize kuti sitiona zabwino. Akuba nkhuku analeka, popeza wakuba amafunika kuthamanga. Oledzera amabwera kunyumba dzuwa lisanalowe, maso ali pansi ngati akusaka singano. Anyamata ozembetsa shuga kupita kutsidya la Songwe anasamutsa njira yawo, zimene apolisi a m'malire analephera kwa zaka zambiri. Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anatipaka jivi, mankhwala a zilonda aja, mpaka botolo linauma, moti mudzi wonse unali ndi mapazi ofiirira mofanana, wamkulu ndi wamng'ono. Umodzi woposa pamenepa sindinauonepo.

Chachitatu ndi nkhani ya Kapiteni. Kapiteni sanali msilikali, inali ng'ombe yanga yapagoli, yakumanja, yofiira, ya nyanga zoyang'ana kutsogolo. Ndinaiphunzitsa ndekha ili kamwana. Inkadziwa njira ya kumsika kuposa ine, moti ndikawodzera pangolo inkaima yokha pakhomo la sikelo yoyezera mpunga. Mnzake wakumanzere, Jamani, ndi waulesi, amangotsatira.

Anthu ataona kuti msewu ukuluma, anayamba kuyenda m'mbali mwake, ndipo posakhalitsa panabadwa kanjira kofewa kodutsa m'mphepete mwa nthochi za a Tcheyamani. Ine ndi ngolo yanga tinkadutsa momwemo. Sindikudziwa ngati a Tcheyamani anamvera chisoni msewu kapena nthochi, koma analengeza kuti kuyenda pambali pa msewu wa Boma ndi kunyoza chitukuko. Anaika anyamata a Chipani ndi zibonga pamalo onse olowera m'kanjirako. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndi mpunga wa anthu, anandiimitsa. Ndinawachonderera kuti ine ndiyenda pamsewu, koma ng'ombe azilole zidutse pofewa. Wamkulu wawo, mwana amene ndinamunyamulapo pangolo yomweyo akudwala chikuku, anandiyankha kuti, "Tata, kodi ng'ombe zanuzi zili ndi maganizo osiyana ndi Boma?"

Zinalibe. Ndinazikwezera pamsewu.

Tisanafike pamphambano Kapiteni anali akusiya madontho ofiira pa miyala yakuda. Chidutswa chinalowa pakati pa chiboda n'kuthyokera momwemo. Ndinachikumba ndi mpeni, ndinatsuka ndi madzi amchere, ndinamanga ndi sanza, ndinayesa phula la njuchi. Mwendo unatupa mpaka m'bondo n'kuyamba kununkha. Anagona m'khola akundiyang'ana, belu lake lili duu. Pamapeto pake ndinaitana anzanga, ine n'kupita kukakhala kudambo kufikira atamaliza. Mudzi wonse unadya nyama sabata imeneyo, ndipo a Tcheyamani analandira mwendo wabwinowo monga mwa ulemu wawo. Ine sindinalawe, koma ndikuthokoza m'malo mwa amene anadya. Ngolo tsopano yaima pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Mpunga wa Mwakalosi ukupita kumsika pamitu ya amayi, monga zinalili makolo athu asanaone gudumu.

Chachinayi ndi chachitali, mundipirire. Ndi tsiku limene munabwera kudzatsegula msewu. Inu munaliona kuchokera m'galimoto, ndiye mwina mungakonde kumva mmene linaonekera kuchokera pansi.

Munali mu Novembala, Bwana, mwezi umene kuno ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Miyala ya sayansi ikamwa dzuwa la ku Karonga mutha kukazingirapo chimanga. Nsanja yanu tinaimanga kuseri kwa nthochi, pang'ono chabe kuchoka pamphambano. Banja lililonse linapereka mphasa yoyala kuyambira poima galimoto mpaka pa mpando wanu, kuti nsapato zanu zisakandike. Za amayi ovina mphasa sizinakwane. A Chimwaza anati zili bwino choncho, Anduna aone ndi maso kuti anthu akuugwiritsa ntchito msewu.

Woyambitsa nyimbo m'gulu la amayi ndi mkazi wanga, Yunike. Woimba ng'oma ndi mchimwene wake, mlamu wanga Chakufwa Mwaipopo, munthu wosalankhulalankhula, amene moyo wake wonse sanakanganepo ngakhale ndi mbuzi. Amayi anafola pamsewu m'mawa dzuwa likadali lofewa, ndipo anauzidwa kuti aziyeserera mpaka mufike. Dzuwa linakwera. Amayi anavina. Kunena zoona sanavinepo mwamphamvu chotero, chifukwa phazi silinkafuna kukhalitsa pansi. A Chimwaza, ali pamthunzi, anati amayi akumpoto ali ndi moyo. Dzuwa lili paliwombo, Yunike anayambitsa nyimbo yatsopano m'Chinkhonde, amayi onse n'kuilandira ngati anaiphunzira kale. Mawu ake ankati wovala nsapato akuti minga ndi yofewa, mlendo vula tivine tonse. A Chimwaza anaikonda kwambiri, anaomba m'manja, n'kufunsa a Tcheyamani tanthauzo lake. A Tcheyamani anayankha kuti, "Akuti chitukuko chafika." Mwa zonse zimene a Mwafongo achitira mudzi uno, chimenechi chokha Mulungu adzawakumbukira nacho.

Tsono panali dongosolo. Popeza nthochi zinkatchinga mphambano, a Tcheyamani anakonza zoti mlenje wa m'mudzi mwathu akaime kumeneko ndi mfuti yake ya gogodela. Mdipiti wa magalimoto anu ukangokhota, iye aombe m'mwamba, Chakufwa agunde ng'oma, amayi aimbe nthungululu n'kuthamanga kukakuchingamirani. Chimene sitinadziwe n'chakuti apolisi otsogola anamulanda mfutiyo m'mawa womwewo n'kumuuza kuti azipita kwawo. Palibe anabwera kudzatiuza.

Dzuwa litapendeka tinamva kulira kwa magalimoto. Kenaka, phuu!

Chakufwa anagunda ng'oma. Amayi anaimba nthungululu. Phuu kachiwiri! Tinati mlenje lero wadzipereka, ng'oma inakolera, amayi ananyamuka ndi liwiro la anthu amene akhala akupsa mapazi tsiku lonse ndipo aona mapeto ake. Phuu kachitatu! Amuna tinaponya zipewa m'mwamba. Mudzi wonse unakhota pa nthochi paja ukuvina, ukuseka, ukukuwa, n'kukupezani inu, Olemekezeka, galimoto yanu yakuda itagwada, matayala awiri akutsogolo ataphulika, ya apolisi kumbuyo kwanu itapendekera kumodzi.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Chanu chinaimba, Bwana, ndipo tikupepesa.

Ndinakuonani bwino, ndinali kutsogolo. Munatsegula chitseko, munatsitsa phazi limodzi, munaponda msewu wathu. Munayang'ana pansi, munayang'ana ife, munabweza phazilo. Kenaka anakunyamulirani ku galimoto ina imene inali isanakhote, ndipo munabwerera ku boma. Ng'oma inapitirira pang'ono, chifukwa Chakufwa akamaimba amatsinzina. Madzulo ake tinamva pa wailesi kuti mwatsegula msewu wamakono kwa Mwakalosi, kuti mwayenda pamsewuwo ndi kuuyamikira, ndiponso kuti anthu anakulandirani ndi chimwemwe chosaneneka. Mbali yomalizayi ndi yoona, ndipo ndi imene inatipweteka.

Kutacha kunabwera apolisi, atasiya galimoto yawo pamphambano n'kuyenda wapansi m'kanjira koletsedwa kaja. Anamupeza Chakufwa akumanga mpanda wa khola. Anamufunsa amene anamutuma kuimba ng'oma pa nthawi imene Anduna anali pangozi. Iye anati, "Bwana, ine ndinangomva phuu." Kenaka Chakufwa anatembenukira kwa a Tcheyamani kuti afotokoze za dongosolo lija. A Tcheyamani anali akuyang'ana nthochi zawo. Ine ndinayamba kufotokoza za mlenje, wapolisi n'kundifunsa ngati nanenso ndikufuna kukafotokozera kutsogolo. Yunike anandikoka malaya. Mlandu unali wosangalalira ngozi ya Anduna. Anamumanga unyolo, n'kumusenzetsa ng'oma yake pamutu ngati umboni. Kuti anthu atengerepo phunziro, anamuyendetsa Chakufwa pamsewu wa sayansi alibe nsapato, iwo akuyenda pambali.

Kuyambira tsikulo sitinamuonenso. Kukhoti sanapite. Pa boma anatiuza kuti anapita naye ku Mzuzu, ku Mzuzu anati dzina limenelo salidziwa. Mkazi wake, Hilda, ndi ana ake anayi amadya kwanga. Wamng'ono kwambiri akamva galimoto pamsewu waukulu amathamangira kukabisala kunkhokwe. Yunike mapazi anasupuka khungu lonse lakunsi, anakwawa ndi mawondo mpaka Khirisimasi. Atachira, a Tcheyamani anabwera kudzamuitana kuti akatsogolere nyimbo pa msonkhano wina. Yunike anangokhala pakhonde, n'kutambasula miyendo, n'kuwaonetsa kunsi kwa mapazi ake onse awiri. Kuno kuonetsa munthu wamkulu mapazi ndi chipongwe, koma ine ndikukhulupirira kuti ankangopereka lipoti la msewu. M'nyumba mwanga simumvekanso nyimbo, ngakhale ya pamtondo. Bata limeneli nalonso tikuthokoza.

Chachisanu ndi mvula. A Chimwaza anatilonjeza kuti msewu uwu suopa madzi, ndipo sananame. Madzi ndiwo amauopa. Popeza panalibe amene anaganiza zoika mipope yodutsitsa madzi pansi pake, mvula ya Januwale inafika pamsewu n'kuima, n'kubwerera m'nyumba za anthu a kumtunda. Nyumba ya Hilda khoma lina linagwa. Msewuwo utamwa madzi unayamba kufufuma ngati chigumu, unang'ambika pakati, unatukuka apa ndi apo, moti lero ukuoneka ngati mizere ya chinangwa yolimidwa ndi munthu woledzera. Ndipo madzi amene amatuluka kunsi kwake ndi oyera ngati laimu wopaka nyumba. Anatsikira m'dambo momwe tinafesa mbande za mpunga. Mbandezo zinasanduka zachikasu, kenaka zinagona. Tinsomba ta m'ngalande tinayandama mimba zili m'mwamba. Achule, amene chaka chilichonse amatisowetsa tulo, chaka chino ali chete ngati ali pamsonkhano wa Chipani. Amene minda yawo ili kutali ndi msewu atigawirako mbande zowokera, koma sizinakwane theka la munda. Sitikudandaula. Mpunga ukachepa, wosenza pamutu amapepukidwa.

Sabata yatha a Chimwaza anabweranso, atavala majombo atsopano, ali ndi zikhomo ndi chingwe. Akuyeza njira yopita kusukulu ndi ina yopita kuchipatala. Akuti kampani ija yalemba kuti kuyesa kumene kunachitika kwa Mwakalosi kwapambana kwambiri, popeza chiyalireni msewuwo sunathe ngakhale pang'ono. Izi n'zoona, chinthu chosapondedwa sichitha. Akutinso kuseri kwa fakitale kwamera phiri lina, ndipo sitima ikukonzeka.

Apa ndiye ndafika pa zopempha zanga, ndipo ndagwadanso, ngakhale mawondo akuwawa.

Choyamba. Chaka chathachi tinauzidwa kuti ife akumpoto tachulukitsa m'masukulu ndi m'maofesi, kuti tikudya gawo la anzathu. Aphunzitsi athu anabwezedwa kuno pa malole ndi mabedi awo, kuti zinthu za dziko zigawidwe mofanana. Tinamva, tinachita manyazi, ndipo sitikufuna kubwereza dyera limenelo. Miyala ya sayansi talandira kale yoposa gawo lathu. Tamva ndi chisoni kuti msewu wopita kumudzi kwanu unangothiridwa phula wamba, lachikalekale, losanyezimira n'komwe. Zimenezi si chilungamo. Chonde phiri lachiwirili lipite kwanu. Liyalidwe kuyambira pamsewu waukulu mpaka pakhomo la mayi anu okubalani, lizungulirenso kuchitsime ndi kutchalitchi kumene amapemphera. Chimakina chotsendera musavutike nacho, a Chimwaza akawafotokozera mmene sayansi yake imayendera. Pa tsiku lotsegulira mudzatiitane, tili ndi nyimbo yake.

Chachiwiri ndi chaching'ono, choti munthu wamkulu ngati inu angachichite akutsuka m'kamwa. Mwezi wathawu kunabwera munthu wina wa ku Vinthukutu amene anatulutsidwa m'ndende ina ya kummwera. Akuti anamuona Chakufwa. Akuti wawonda, tsitsi anamumeta, koma ali moyo, ndipo ntchito yake tsiku ndi tsiku ndi kuswa miyala ndi nyundo. Ndinamufunsa munthuyo kuti miyala yake yotani. Akuti yeniyeni, Bwana, yochokera m'phiri lolengedwa ndi Mulungu, yotuwa, yosacheka phazi, yosafufuma ndi mvula. Akuti mlamu wanga waswa mulu wautali kuposa nyumba, ndipo palibe akudziwa koipititsa.

Ife tikudziwa. Mutitumizire miyala imeneyo, Olemekezeka, pamodzi ndi woswayo. Mlandu wake ngati sunathe adzamalizira konkuno, tidzamuyang'anira tokha kuti asasangalalenso. Mungomutsitsa pamphambano. Ngolo yoti ikamutenge inaima, koma amuna a Mwakalosi tapangana kale: tidzamubereka kumsana mosinthana mpaka pakhomo pake, kuti asaponde mphatso yanu kachiwiri.

Mulungu asunge matayala anu.

Ine wanu womvera, wokhulupirika, woyenda monyang'ama,

Kenan Mwakalinga,
Mwini ngolo yoima.